Chuma cha Bambo M'majumbo

"Tsekulani zenera, achimwene," anatero Namwino ataphimba mphuno ndi mkono.

"Zenera ayi. Mphepo iwononga chuma," anayankha mkulu wake, yemwe pabanjapo ankamutcha Tcheyamani chifukwa ngakhale mchere ukatha ankaitanitsa msonkhano.

Chumacho chinali mapepala a malemu bambo awo. Atapuma pa uphunzitsi wa sayansi, bamboyo ankawiritsa ufa wa chinangwa ndi makoko a malalanje, n'kuthira pagalasi. Zikauma ankasenda timapepala topyapyala toonekera kuseri. Ankati chakudya chokulungidwa m'menemo chimachedwa kuwonongeka, ndipo pepalalo ukalitaya limaola ngati tsamba. Ana ake ankangoti "zoona, bambo", maso ali pafoni.

Maliro atatha, kunamveka kuti fakitale ina ikufuna kuona mapepalawo, mwina n'kugula nzeru yake. Tcheyamani anasanduka wasayansi tsiku lomwelo. Analamula kuti zonse zisungidwe mosamala, ndipo iye ndi Namwino analonga mapepala onse m'majumbo, pamodzi ndi matimati ndi nyama zomwe malemu ankayeserapo. Anamanga mfundo zolimba, n'kukhoma chitseko cha chipinda chomwe malemu ankagwiriramo ntchito, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Lero, patapita masabata angapo, bwana wa kufakitale ija anali pabalaza, akumwa tiyi ndi mayi awo.

Tcheyamani ananyamula jumbo lalikulu atavala suti ya pamaliro ija. Jumbolo linali litatupa ngati chule. Analiika patebulo la pabalaza, n'kukhosomola.

"Bwana, ine ndi malemu tinkagwira ntchito imeneyi usana ndi usiku."

Namwino anayang'ana kudenga. Mkulu wakeyo chipindacho ankangolowamo akafuna tchaja ya foni.

Mfundo inakana, ndiye anang'amba ndi mano. Jumbolo linapuma kaye, kenako linasanza. Phala lobiriwira la chuku linayenderera patebulo, n'kudonthera pa nsapato za mlendo. Mphutsi zinatuluka mwaulemu, imodziimodzi, kulunjika kumbale ya shuga. Namwino, yemwe anatsukapo zilonda zamitundumitundu osatsinzina, anatembenukira kukhoma.

"Kuti zimaola, ndaona ndithu," anatero bwana uja, mpango uli pamphuno. "Nanga louma lilipo, ngakhale limodzi?"

Anang'amba majumbo onse pakhonde. Louma panalibe. Kaphikidwe kake malemu anapita nako m'mutu. Mlendoyo anapepesanso za maliro, n'kupukuta nsapato pa udzu mpaka kukafika pagalimoto.

"Ndiwe unamanga mfundo," anatero Tcheyamani akuloza Namwino.

"Kiyi anali m'thumba la ndani, a Pulofesa?"

"Usandiyankhe choncho, ndine mutu wa banja lino tsopano."

"Mutu uli ndi mphutsi pa tayi."

Anadumpha akudzikunkhumula. "Kataye zonsezi kubini! Ine ndikayimbe mafoni." Analowa kubafa.

Mayi awo anadzuka n'kutenga beseni.

"Bambo wanuyu ali moyo ananditherera mapoto, lero wafa wandiipitsira tebulo," anatero akukokolola phalalo ndi chidutswa cha katoni. "Mwamuna uti amasiyira mkazi wake zoterezi? Anzake amasiya nyumba za lendi."

"Perekani ndikataye, amayi."

"Tenga khasu."

Kuseri kwa nyumba Namwino anakumba dzenje, akupuma ndi pakamwa. Atati akhuthule beseni, mayi ake anamugwira dzanja. Mayiyo anagwada, anapinda manja a bulauzi, n'kupisa zala m'phala lonunkhalo. Anatulutsa kachidutswa ka jumbo, n'kukaika pambali. Anapisanso.

"Amayi, ndi kakang'ono, kasiyeni."

"Iwe sunayende nawo bambo ako," anatero nkhope itakwinyika, akulavulira kumbali. "Tsiku la ukwati wathu anandisiya pageti la tchalitchi ndi maluwa m'manja, iwo akuthamangitsa jumbo la eni lomwe limauluka ndi mphepo."

Anapeza kena, kochepa ngati chikhadabo. Anakapukuta pa udzu, n'kukaika m'thumba.