Nyemba za Amayi

Fanwell atabwerera kwawo ku komboni ya Matero patapita zaka zambiri ali kunja, anapeza mtengo wa mapeyala utadulidwa, khonde litasanduka shopu ya mafoni. Chinangotsala ndi kadimba kuseri kwa nyumba ya kansolo. M'menemo mlongo wake wamkulu, Marjory, analamula kuti mubzalidwe nyemba za malemu mayi awo, zoti zidzaphikidwe tsiku loika mwala pamanda.

Nyembazo zinabwera ndi Fanwell yemwe. Marjory anali atamutumizira botolo lonse kunjako maliro atangotha, ati mbewu ya ku Katete isungidwe ndi wophunzira. Wophunzirayo anakaziika m'makina owomba cheza champhamvu, pofuna kuona mmene mbewu imapangira mapuloteni ikavulazidwa. Analemba zimene anapeza, azungu anaomba m'manja. Zotsala anazibwezera m'botolo, ndipo pozipereka sananene kanthu. Ankadzinamiza kuti mwina zingapo zinapulumuka.

Amene anabzala nyembazo anali Luse, mkazi wa mwana wa Marjory, mtsikana wa ku Chawama wongolowa kumene m'banjamo. Nyemba zinafufuma, zinatulutsa timizu, kenako zinaima. Fanwell ankadziwa chifukwa chake. Mbewu youma imasunga RNA pang'ono, timauthenga touza maselo mapuloteni oti apange, ngati kamba wa paulendo. Kambayo akatha imayenera kulemba uthenga watsopano, koma cheza chinali chitawononga polembapo.

Marjory anali ndi chifukwa chakechake. Pakhomo pawo mbewu sabzala munthu wamba, amabzala wa dzanja labwino.

"Dzanja lako ni loipa, iwe," ankatero kwa Luse, anansi akumvetsera pampanda. "Mbeu ya amai sinakanepo, olo chaka cha chilala. Wabwela chabe, yafa. Nanga bana uzabala bwanji?"

M'mawa uliwonse Luse ankapita kumpopi, n'kumathirira nthaka yopanda kanthu. Fanwell ankamuonera pawindo, tiyi ali m'manja, kenako n'kukayendayenda kumsika kukadandaula za Matero wakale, wa anthu oona mtima.

Loweruka Fanwell anapeza chikwama cha Luse pakhomo. Marjory anali atagamula kuti mtsikanayo ayambe wapita kwa amayi ake, akamusambitse mankhwala ochotsa tsoka.

"Ba sisi," anatero Fanwell, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Si Luse. Nyemba zija ninaziocha na cheza ku nchito. Olo abzale ndani, sizingakule."

"Ba dokotala, kambani vomveka. Munaziocha? Sizinapse ayi, ninaziona."

"Zinapsa mkati."

"Zonse? Botolo yonse ya amai?"

"Yonse."

Marjory anakhala pansi pa sitepe, namuyang'ana monga amayang'anira nyama yokayikitsa kubutchala. Kumpanda palibe mnansi amene anachoka.

"Luse, bweza chola mkati," anatero pomaliza, osamuyang'ana.

Luse sanasunthe. Anagwada pang'ono, mwaulemu wonse umene anamuphunzitsa alangizi.

"Ba malume, nifunseko. Pamene ninali kutapa manzi, imwe pa windo, munali kuziba?"

Fanwell, amene anayankhapo mafunso a maprofesa m'zinenero zitatu, anayang'ana nsapato zake.

"Ninali kuziba."

"Zikomo," anatero Luse. Ananyamula chikwama, nachisenza pamutu, n'kulunjika kokwerera minibasi.