Zimene Olive Analosera

Patatha masabata awiri chiikireni maliro a Olive, Vailet anatenga makuponi a mayi ake n'kupita kudepoti ya feteleza pa Kaluluma. Anatenganso foni ya malemuyo, poti yake inali itagwera m'chitsime cha kunazale ya fodya. Olive anali mng'ono wake. Anadwala mutu masiku awiri okha, tsiku lachitatu n'kumwalira ali m'njira yopita kuchipatala.

Linali Lachisanu. Mzere unakhota mpaka kuseri kwa chigayo, koma galimoto ya feteleza inali isanafike. Anthu anaika miyala ndi matumba opanda kanthu posungira malo, eni ake n'kukabisala m'mithunzi. Vailet naye anaika mwala wake, n'kukakhala pakhonde la golosale.

Foni inkangonjenjemera. Bandulo ya mwezi imene Olive anagula inali isanathe. Vailet atatsegula anapeza gulu la pa WhatsApp la anthu oposa makumi atatu, onse akukangana za nthano yazithunzi imene munthu wina ankajambula n'kumaika pa intaneti Lachisanu lililonse. Inali ya mzinda wa pansi pa phiri, umene chipata chake chinkalondedwa ndi anthu atatu: Tsoka wosanduka khwangwala, Mphepo woyenda pamitambo, ndi Feliya wa mkondo wamoto. Wojambulayo anali atalengeza kuti lero mmodzi mwa atatuwo afa.

"Afe ndi Tsoka," analemba wina dzina lake Sunganani. "Amujambula akucheuka katatu konse."

"Bodza! Mphepo sanaoneke masamba anayi. Anafa kale ameneyo," anayankha wina.

"Nanga Olive ali kuti? Watithawa chifukwa akudziwa kuti waluza."

Vailet anabwerera m'mbuyo kuwerenga mauthenga akale mpaka anapeza uthenga wa mawu umene Olive anatumiza. Anaika foni kukhutu.

"Tamverani inu, afe ndi Feliya. Taonani bwino, wavula nsapato n'kuzisiya pachipata. Munthu wobwerera savula nsapato. Mudzanditama!"

Kenaka Olive anaseka. Chapatali tambala ankalira. Vailet anamuzindikira tambalayo: anali wofiira uja anaphera azibusa pamaliro. Anadikira kuti mwina misozi ibwera, koma sinabwere. Anamvetseranso kachiwiri, n'kuona kuti batire yatsala theka.

"Mukuonera chiyani, mwanangu?" anafunsa a Consolata, mayi wachikulire wa m'mudzi mwawo amene anakhala pambali pake.

"Zojambula."

"Za ana?"

"Kaya. Anthu akufamo."

A Consolata anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamugawira chinangwa chophika. Vailet anadya osamva kukoma.

Dzuwa lili paliwombo, tsamba latsopano la nthano ija linatuluka. Adani anafika pachipata usiku wa chimvula. Feliya anauza anzake awiri aja kuti athawitse ana, iye n'kutseka chipata ali kunja. Chithunzi chomaliza chinali cha mkondo wake uli pansi, moto utazima.

Gulu linaphulika. Ena ankatukwana wojambula, ena ankati Feliya adzauka ndithu, poti mtembo sunaoneke. Kenaka onse anatembenukira kwa Olive.

"Olive ndi mfiti!"

"Tulukira, mlosi wathu, tikuombere m'manja."

Vailet analemba pang'onopang'ono: "Ndine Vailet, mkulu wake wa Olive. Olive anamwalira pa 3. Tinaika pa 5 kuno kwa Kaluluma." Anawerenga, anakonza chilembo chimodzi, n'kutumiza.

Kenaka foni inalira.

"Ndine Sunganani, ndimaphunzitsa ku Chisemphere," anatero mawu a mwamuna. "Achemwali, zimenezi n'zoona?"

"N'zoona."

"Ine Olive sindinakumanepo naye. Koma takhala tikukangana zaka ziwiri. Tingabwere?"

"Bwerani. Mukafunse kwa mayi anga, a Lefina, kuseri kwa tchalitchi cha Katolika."

Galimoto inafika cha m'ma 3 koloko. Anthu anathamangira miyala yawo, kukankhana kunabuka, ndipo Vailet anangopita kumene khamu linkamukankhira. Analandira matumba ake awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, n'kupeza wakabaza woti amunyamulire.

Lamulungu kunabwera anthu anayi: Sunganani, atsikana awiri ochokera ku Kapelula, ndi bambo wina wogulitsa mbewu paboma. Anabweretsa shuga ndi sopo. A Lefina, mayi a Vailet, sanamvetse kuti alendowo ndi ndani, komabe anawayalira mphasa. Mtsikana mmodzi anapempha kuona chithunzi cha Olive, chifukwa pagulu paja Olive ankaika chithunzi cha khwangwala m'malo mwa nkhope yake. Atachiona anayamba kulira, a Lefina nawo n'kuyambiranso.

Vailet anawaperekeza kumanda, anawalozera mtumbira, n'kuima chapatali iwo akupemphera. Pobwerera Sunganani anamufunsa ngati angakonde kukhalabe pagulu lija.

"Bandulo ikutha Lachiwiri," anatero Vailet.

Alendo atapita, anatenga ndowa ziwiri n'kutsikira kudambo. Mbande za fodya zinali zisanathiriridwe chiyambire m'mawa.