Nambala Imene Ndinaisiya Pansi

Bambo anga atamwalira sanandisiyire njinga kapena wailesi. Anandisiyira kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa bwalo la mpira, momwe mumasungidwa manambala a pa bolodi la zigoli. Ndi zidutswa za malata makumi awiri: khumi zoyera za alendo, khumi zachikasu za ife eni bwalo. Timu yathu ikamasewera pakhomo, bambo ankakwera makwerero atabereka manambala onse, kuyambira 0 mpaka 9, n'kukhala kuseri kwa bolodi, kumaonera mpira pa mpata wa matabwa.

Nditangomaliza sukulu ntchitoyo inagwera ine, ndipo ndinailandira ndi manja awiri. Ndinkadziona ndikupachika 5 wachikasu, bwalo lonse likuvina, mtsikana wong'amba matikiti pageti atakweza maso kufuna kudziwa mwini dzanja limenelo. Koma timu yathu inali mu ligi yaing'ono, ndipo ngakhale m'menemo inali kumchira. Masewera khumi ndi amodzi osapambana. Dzanja langa linazolowera mbali ya alendo, pomwe 0 wathu ankachita dzimbiri pa msomali wake.

Lachisanu alamu anga, amuna a achemwali, anandiitanira ku sitolo yawo ya penti ndi misomali.

"Alamu, malo alipo," anatero akupukuta kauntala. "Koma Loweruka ndi tsiku limene anthu amagula. Sindingalembe munthu amene Loweruka amakhala m'mwamba ngati khwangwala."

"Mawa ndi masewera omaliza. Tikapambana titsala mu ligi."

"Mukapambana? Goloboyi wanu uja amene amaupatsa moni mpira ukamadutsa?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mundiyankhe mawa madzulo. Mukabweze kiyi wa eni ake."

Sindinawatsutse. Mumtima ndinali nditatopa kale ndi anyamata opatsirana mpira ngati sanaonanepo, ndi mphunzitsi amene sabata iliyonse amati tikumanga timu. Amanga chiyani zaka zonsezi, chopanda denga?

Loweruka masana ndinatsegula kachipinda kaja. Ndinanyamula manambala onse oyera. Pa achikasu ndinaima. Malata khumi ndi olemera, makwerero ndi aatali, ndipo chaka chonse sitinagoletsepo kawiri tsiku limodzi. Ndinatenga 0 ndi 1, enawo ndinawasiya atatsamira khoma.

"Wamanambala, lero wapepukatu," anatero mtsikana wa pageti ndikudutsa. Bambo ake ndi mlembi wa timu, ndipo kiyi ndinkayenera kukamusiya m'manja mwa mtsikanayo.

"Ndanyamula okwanira."

"Bambo ako ankadutsa pano atawerama ngati asenza chitseko."

"Bambo anga anali ndi mtima wautali. Ine ndilibe."

Anang'amba tikiti ya munthu wina osandiyang'ananso.

Chigawo choyamba chisanathe alendo anali atatimwetsa ziwiri. Ndinapachika 1 woyera, kenako 2, osamva kanthu. Ochemerera athu, amene sakwana n'komwe mazana awiri, anayamba kutukwana mphunzitsi, ena n'kumanyamuka. Ndinakhala pa thabwa la bambo ndikuganiza za fungo la penti, ndi mmene ndidzakhalire munthu wovala malaya oyera Loweruka.

Osewera atabwerera m'bwalo chigawo chachiwiri, wakutsogolo wathu wamtali, amene timamutcha Mlongoti, anagunda mpira ndi bondo mosafuna, mpirawo n'kulowa mu golo. Ndinachotsa 0, msomali ukulira, n'kupachika 1 wachikasu. Amene ankatuluka anaima pageti. Anyamata athu anayamba kuthamanga ngati akumbukira chinachake chimene anaiwala kalekale. Kutatsala mphindi zinayi, mpira wa pakona unagwera pamutu pa Mlongoti yemweyo, n'kulowanso mu golo.

Phokoso limenelo ndinali ndisanalimvepo. Kenako linatsika, chifukwa mitu yonse inatembenukira kwa ine. Pabwalo pathu chigoli sichikhala chigoli mpaka chioneke pa bolodi. Ndinapapasa pambali panga. Panali malata oyera okhaokha, ndipo 2 woyera anali kale pa msomali wa alendo.

"Wamanambala wagona!" wina anakuwa.

"Musiyeni, sanaphunzire kuwerenga kupitirira wani. Anakaphunzirira kuti ndi timu imeneyi?"

Kutsika kukatenga kukanadya mphindi zonse zotsala. Ndinachotsa 1 uja, n'kutulutsa mkono wanga pa mpata wa matabwa, zala ziwiri zili m'mwamba. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Ndinakhala choncho, tsaya litagunda thabwa, ndikupempha chigoli chachitatu ngakhale ndinalibe nambala yake. Mlongoti anamenya mtengo wa golo. Wezulo inalira. Kufanana mphamvu sikunatikwanire, ndipo tinatuluka mu ligi.

Anthu atabalalika ndinatsika n'kukalowa m'kachipinda. 2 wachikasu anali pomwe ndinamusiya. Nditamunyamula ndinaona kumbuyo kwake madeti olembedwa ndi pensulo, m'kalembedwe kopendekera ka bambo. Tsiku lililonse limene anamupachika analilemba. Kumbuyo kwa 3 kunali madeti ochepa, kwa 5 limodzi lokha, ine ndisanabadwe. Kumbuyo kwa 9 kunalibe kanthu, koma m'mphepete mwake penti inali itasupuka momwe chingwe choberekera chinkadutsa.

Pensulo inali pa zenera. Ndinaigwira, kenako ndinaibwezera. Lero 2 sanapachikidwe.

Mtsikana wa pageti anaima pakhomo atatambasula dzanja.

"Akuti ukubweza kiyi."

"Ligi ya m'munsi imayamba liti?"

"Pakatha miyezi itatu. Kumenekonso amatha kutimenya, usaganize kuti n'kumudzi kwanu."

"Ndikudziwa."

Anayang'ana lata limene ndinali nalo m'manja. "Mkono uja unali wowonda. Anthu akumbuyo ankaona ngati wani."

Ndinatseka chitseko, kiyi n'kumuika m'thumba. Ku sitolo ndinapeza alamu akutsitsa zotchingira mawindo.

"Nanga, alamu, mwabwera kudzayamba ntchito?"

"Ndabwera kudzafuna penti yachikasu. Kachitini kakang'ono."

Anapukusa mutu. Kenako anakwera pa mpando n'kuyamba kufufuza pa shelefu ya m'mwamba.