Tsiku la Madzi a Pitala

Katerina atangotsika pa kabaza pa Golomoti anamva phokoso chakumsika, ndipo anadziwiratu kuti Bizeki amugwira.

Chitenje chake chinali ndi magazi a mwana wake. M'mawa womwewo Pitala anali atapita kumunda wa mpunga ku Bwanje, poti linali tsiku lake la madzi. Mvula inali itadula, madzi m'ngalande anali ochepa, ndiye alimi ankathirira mosinthana. Anapeza Bizeki, mnzake wa ndime yoyandikana, atatseka ngalande ndi thumba la mchenga n'kupatutsira madzi kwake. Pitala anakoka thumbalo. Bizeki anatukula khasu. Ku chipatala cha ku Mua anamusoka mutu Pitala, koma sanali kulankhula. Katerina anangobwerera kudzatenga bulangete ndi mbale.

Pakati pa gulu, Bizeki anali gone m'fumbi, malaya atang'ambika, mkamwa muli magazi. Akati adzuke, wina ankamuponda m'nthiti. Mkazi wake Ursula anali atagwidwa manja ndi amuna awiri, mawu atamuthera. Tayala anali atabweretsa kale. Amene anagwira botolo la petulo anali a Wenceslaus, mlongo wake wa Katerina, malume a Pitala, omwenso anali apampando a mphakati umene onsewa ankapempheramo.

"Umafuna madzi, galu iwe!" anakuwa a Wenceslaus. "Lero tikuthirira ife!"

Katerina anapatula anthu ndi zigongono. Atafika anamudzutsa Bizeki ndi kolala n'kumuwaza mbama ziwiri zomveka mpaka kumaminibasi.

"Eyaa! Apatseni machesi mayiwo, ayatse okha!" linakuwa gulu.

Iye anamasula chitenje cha magazi chija, n'kutsala ndi diresi. Anamufunditsa Bizeki kuyambira kumutu, kenaka anakhala pansi atamutsamira.

"Achemwali, chokanipo apo," anatero a Wenceslaus.

"Sindichoka."

"Wakupherani mwana!"

"Mwamuika ndinu? Ine ndamusiya akupuma."

"Nanga akafa?"

"Akafa tidzamuika. Maliro amodzi akwana."

Njerwa inachokera kumbuyo kwa gulu. Woponyayo ankafuna Bizeki, koma inamupeza Katerina pamwamba pa diso. Magazi anatsikira m'khosi. Anawapukuta ndi dzanja, osasuntha.

"Chifundo chinapha nkhwali, amayi!" anatero wogulitsa nsomba wina.

"Nkhwaliyo inali yosabatizidwa," anayankha Katerina. "Uyu pa ubatizo wake ndinaimirira ndine. Bambo mfumu atafunsa amene adzamuyang'anire pa chikhristu, ndinavomera pamaso pa mpingo. Sananene kuti ndidzakhale mayi wake masiku okhawo amene ali ndi nzeru."

"Musatilalikire, achemwali. Pitala ndi mwana wanga inenso."

"Mukuyesa ndikumukonda? Mtima wangawu ukufuna ndimupotokole khosi ndi manja angawa. Koma amene anamufera pa mtanda si ine, ndipo si inu." Anawaloza ndi chala chamagazi. "Chaka chimene madzi anatigwetsera nyumba tinagona m'tchalitchi tonse. Inu ndi Bizeki munagona mphasa imodzi. M'mawa uliwonse munkaimirira kutiuza kuti Mulungu sanatitaye, chikondi chake sichiphwa. Kapena chinali cha madzi ochuluka okha? Lero achepa, ndiye chaphwa?"

 

Mayi Mtendere, wogulitsa matimati amene ankaimba kwaya limodzi ndi Katerina, anasiya benchi lake n'kudzakhala pansi kumiyendo kwa Bizeki.

"Ndisendereni, make Pitala, malo mwadzaza nokha," anatero.

Anabweranso Sheila, mnzawo wa mumphakati, ndi mwana kumbuyo. Kenaka ena awiri, kenaka wa mpingo wina amene ngakhale kolona sankaidziwa. Amuna aja anamusiya Ursula, ndipo iye anakwawa n'kudzalowa pakati pa anzakewo. Mtendere anayambitsa pemphero, mawu akutuluka mokalipa ngati akuitanira malonda. Wofuna kuponya tayala tsopano anayenera kuyamba waponda amayi.

"Ndiye mafuta angawo mutani nawo, bwana?" anafunsa wa kabaza amene anapopa petulo uja m'njinga yake yamoto.

A Wenceslaus anamuponyera botololo osamuyang'ana.

"Mwaima chiyani?" anatero Katerina. "Munyamuleni. Kupolisi kaye, akatenge kalata ya kuchipatala."

"Ine ndinyamule ameneyu?"

"Mphamvu zomumenyera munali nazo."

Anamunyamula, a Wenceslaus kumapewa, wa nsomba uja kumiyendo. Bizeki anasuzumira kunja kwa chitenje, diso limodzi litatsekeka.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Tseka pakamwa. Zimenezo ukamuuze Pitala akadzuka. Mlandu wokha uyankha, ndipo mboni ndine."

Pitala anadzuka, koma dzanja lamanja linali lofooka, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Bizeki anatsekeredwa kudikira khoti. Ndime ziwiri zija zinatsala zopanda mwamuna, udzu n'kuyamba kupitirira mpunga. Lamulungu Ursula anakhala benchi lakumapeto m'tchalitchi, ndipo ambiri sanamupatse dzanja.

Loweruka, lomwe linalinso tsiku la madzi a Pitala, a mphakati anapita kukazula udzu m'ndime yake. Dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza. A Wenceslaus anakwera pamzere wa malire n'kusamba m'manja.

"Basi, ntchito yathera pano."

Kutsidya kwa mzerewo Ursula anali yekha, atawerama m'ndime youma, nthaka itang'ambikang'ambika. Thumba la mchenga lija linali likadali m'mbali mwa ngalande. Katerina, bandeji ili pamphumi, analikoka n'kuliika pakati, madzi n'kugawikana, ena kwa Pitala, ena kwa Bizeki.

"Achemwali, madziwo ndi amene anavulaza mwana."

"Chimene chinavulaza mwana ndi khasu. Ana a Ursula adya chiyani, mlandu?"

Anadumpha mzere uja n'kuwerama pambali pa Ursula. Sanamupatse moni, anangoyamba kuzula. Mtendere anatsatira, Sheila naye.

A Wenceslaus anaima pamzerepo nthawi yaitali. Analavula malovu, anayang'ana kunjira, anayang'ananso madzi akulowa m'ming'alu. Kenaka anapindanso buluku lawo.

"Iwe Ursula," anatero akutsika, "kuzula kwanji kumeneko? Mizu ukuisiyira ndani?"