Kiyibodi ya Alamu Anga Dwight

Ntchito yanga ndi yoyeza makiyibodi. Ndakhala ndikuigwira zaka zisanu ndi zinayi m'chipinda chapansi cha nyumba yanga ku Duluth, ndipo zimene ndapeza ndimazilemba pa tsamba langa la pa intaneti, kumene anthu okonda magemu a pa kompyuta amayamba afikako asanagule.

Kompyuta sidikira kuti kiyibodi iiuze kanthu. Imafunsa yokha, mobwerezabwereza, ngati pali batani limene ladinidwa. Kiyibodi wamba ya mu ofesi imafunsidwa maulendo 125 pa sekondi imodzi, ya magemu maulendo 1,000. Masiku ano ogulitsa akupikisana kulemba 8,000 pa makatoni, ndipo anthu amathamangira nambalayo. Ine ndili ndi kachala kachitsulo kamene kamadina batani pa nthawi imene ndakauza, ndiponso kabokosi kamene ndimalumikiza pakati pa waya kuti ndizimvetsera zonse zimene kompyuta ndi kiyibodi zikuuzana.

Dwight Halvorsen anakwatira mng'ono wanga Corinne. Anagulitsapo matayala, kenaka mankhwala ochepetsa thupi, ndipo chaka chatha analowa za makiyibodi. Amawaoda kunja n'kumatapo dzina la kampani yake. Mu Febuluwale Corinne anandiimbira foni kuti mwamuna wake akupempha ndikamuyezere kiyibodi yake yatsopano ya 8,000 asanayambe kuigulitsa. Mtima sunkafuna, koma mng'ono wanga anachonderera mpaka ndinalola. Loweruka masana ndinanyamula zida zanga n'kupita kumene amasungira katundu, kuseri kwa malo otsukira magalimoto.

Dwight ndinamupeza atakhala pa katoni akudya mapiko a nkhuku. Msuzi wofiira unali m'ndevu, m'zikhadabo, mpaka pa foni. Mafupa ankawaponya pansi pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, ndipo chipinda chonse chinkanunkha mafuta opserera ndi nsapato zonyowa. Anandilonjera kuti aprofesa afika, n'kutambasula dzanja lomwelo kuti anyamule kabokosi kanga. Ndinamuuza kuti asakhudze. Anaseka, ananyambita zala chimodzichimodzi, anazipukutira pa thalauza, n'kukagwirabe.

Poyamba kiyibodi inaoneka bwino. Kompyuta inkafunsa maulendo 8,000, iyo n'kuyankha maulendo 8,000 osaphonya. Dwight ataona nambalayo pa sikirini anamenya tebulo, nati ntchito yatha, kwatsala n'kujambula chithunzi. Ndinamuuza kuti adikire. Ndinayatsa kachala kaja, ndipo kanadina batani limodzi maulendo 2,000, mosinthasintha nthawi, kwa mphindi makumi anayi. Nthawi yonseyo iye ankangozungulira kumbuyo kwanga, kupumira m'khosi mwanga mpweya wa adyo.

Zotsatira zitatuluka ndinaziwerenga kawiri. Kiyibodiyo inkayankha maulendo 8,000 ndithu, koma mabatani ake inkawayang'ana maulendo 250 okha pa sekondi. Ikayang'ana kamodzi, inkabwereza yankho lomwelo maulendo 32 isanayang'anenso. Inali ngati mlonda wogona amene amangoyankha kuti kuli bwino aliyense akamuitana, maso asanatsekule. Kiyibodi yakale ya 1,000 imene ndinabwera nayo yofanizira inkaisiya kutali.

Ndinamufotokozera pang'onopang'ono, ndikumumvera chisoni, poganiza kuti a fakitale amupusitsa. Ndinamuuza kuti katunduyo angathe kumubweza, ndipo ine ndimulembera umboni wonse woti akawaonetse. Iye ankamvetsera uku akutokosa m'mano ndi kawaya kanga kozulira mabatani.

"Za 250-zo ndikuzidziwa, alamu," anatero. "A fakitale anandiuza kalekale. Yeniyeniyo ndi yodula. Koma nambala yoyamba ija si yabodza, eti? Inu lembani yomweyo. Zinazi n'za maprofesa."

Ndinamufunsa ngati akudzimva zimene akunena. Anati palibe munthu wa zala za mnofu amene angamve kusiyana kwa timagawo ta sekondi totere. Wogula akaona 8,000 mtima umakhala m'malo, amasewera bwino, ndiye wabedwa chiyani? Chimene chinandinyansa n'chakuti mbali ina ankanena zoona. Munthu wotayipa makalata sangamve kusiyana kulikonse, ngakhale ambiri mwa osewera magemu. Ine ndemwe ndalemba zimenezi kangapo, kuchenjeza anthu kuti asataye ndalama zawo pa nambala. Dwight anali ataziwerenga zonsezo. Pamene ine ndinkati musagule, iye anatolapo zoti ogula sangazindikire.

Kawaya kaja ndinamusiyira. Ndinayamba kulongedza, ndipo ndinafuna kansanza koti ndipukutire msuzi pa kabokosi kanga. Posakasaka ndinasuzumira kuseri kwa mulu wa makatoni, mbali imene anaitembenuzira kukhoma. Pa katoni iliyonse panali chidindo chagolide cholembedwa kuti, "Yayezedwa ndi kutsimikizidwa ndi Renata Wojcik." Dzina langa lonse, losaphonya ndi chilembo chimodzi chomwe. Makatoni analipo mazana asanu ndi limodzi, osindikizidwa kale ine ndisanaione n'komwe kiyibodiyo.

Nthawi yomweyo Corinne analowa atanyamula makapu atatu a khofi, akugwedeza chipale chofewa ku nsapato. Atandiona ndili kuseri kwa makatoniwo anaima. Ndinayembekeza kuti adabwa, koma anangoyang'ana mwamuna wake, kenaka pansi. Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Anati chidindocho anajambula ndi iyeyo, mu Disembala, pa tebulo lomwe tinadyerapo Khirisimasi.

"Asisi, ndi dzina chabe," anatero motsitsa mawu. "Sitinakubereni kanthu. Tinkati mukayeza zituluka bwino, ndipo zikapanda kutero mutimvetsa. Si ndife abale?"

Dwight anawonjezera kuti ndiyenera kunyadira, chifukwa palibe kampani ina inaikapo dzina langa pa katoni. Anatenga kapu imodzi n'kundipatsira. Pa chivindikiro panatsala chizindikiro chofiira cha chala chake. Sindinailandire. Ndinawauza kuti Lolemba m'mawa ndiika zotsatira zonse pa tsamba langa, ndipo ngati dzina langa lidzakhale lidakali pa makatoniwo, nkhaniyo ikathera kwa loya. Ndili m'galimoto ndinapukuta zida zanga ndi mankhwala ophera majeremusi, kenaka manja, mpaka khungu linayamba kuwawa.

Lolemba ndinachitadi zimene ndinanena. Dwight anamata kapepala pa dzina langa kolembedwa kuti "katswiri wodziwika", chidindo chagolide n'kuchisiya. Pansi pa nkhani yanga anthu ena anathokoza, koma ambiri analemba kuti ndi nsanje ya pachibale. Wina anati zida zanga n'zowonongeka, chifukwa iye wayeza yekha pa tsamba lina ndipo yamuonetsa 8,000. Ndinayamba kumufotokozera kuti tsambalo limangowerenga mayankho, siliona ngati ali atsopano kapena obwereza. Anandiyankha kuti chigulireni kiyibodiyo akungopambana, ndiye ine ndikhale ndi manambala angawo. Pofika Malichi makatoni onse anali atatha.

Corinne sanandiimbirenso. Sabata ya Pasaka amene anandiimbira anali amayi athu, kundiuza kuti ndikapepese kwa mng'ono wanga chifukwa ndachititsa banja manyazi pamaso pa anthu osawadziwa. Ndinawafunsa ngati makatoni aja anawaona. Anati anawaona, ndipo imodzi anapempha asanaimate kapepala, ili pa shelefu m'chipinda chochezera, chifukwa aka kanali koyamba kuona dzina la malemu bambo anga, Wojcik, lili m'zilembo zagolide. Chakudya cha Pasaka ndinadyera kwanga.