Mphindi Ziwiri Zimene Rahmatullo Anabisa

Kompyuta ya malemu Rahmatullo inkazima yokha pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Uthenga umene mkuluyo anajambulamo mu Januwale, nyengo yachisanu kwawoko, atatsala pang'ono kumwalira, unali wa mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo analamula kuti apabanja pake adzaumvere zipatso za maapurikoti zikapsa. Tsopano zinali zitapsa, mzinda wa Khujand uli ngati ng'anjo, koma mathero a uthengawo sanamveke.

Apabanjapo anaitana Behruz, wokonza makompyuta kumsika. Mnyamatayo chaka chathacho anafunsira Shahlo, mwana wa malemuwo, ndipo bamboyo anangoti, "Ndidzayankha."

"Bwanji tingodumphira kumapeto, mayi?" anafunsa Behruz.

"Iwe, wamkulu akamalankhula umamudula pakamwa?" anatero mayi Mohira, mkazi wa malemuwo. "Ndipo usazule kanthu m'bokosi la kompyutalo."

Shahlo anaika tiyi wobiriwira patebulo, maso ali pansi. "Akatswiri afika," ananong'ona. "Tione lero."

Behruz anali ndi chinsinsi. Zaka ziwiri zapitazo, pofuna kugometsa bamboyo, anakweza liwiro la purosesa, ubongo wa makinawo, kupyola mlingo wake. Kukazizira zinkayenda bwino. Kukatentha, makinawo ankatenthedwa n'kuzima.

Anayatsa, n'kudina batani msanga makinawo asanadzuke. Panatuluka tsamba labuluu lokonzera mmene kompyuta imayambira, ndipo nambala ya liwiro limene anakweza lija inali pomwepo. Chala chinaima. Akanena kuti zakanika, yankho la bamboyo, ngati lili mu uthengamo, likhala lotsekeka mpaka nyengo yachisanu, iye n'kumalotabe. Nanga likakhala lakuti ayi? Anaona Shahlo akupotokola nsonga ya mpango wake. Anatsitsa nambalayo, nasunga.

Makinawo anadzuka mwaulesi. Mawu a Rahmatullo anadzaza chipinda: za denga lodontha, za kadulidwe ka nthambi, za mbuzi ya aneba yosamva. Mphindi yachisanu ndi chiwiri inakwana. Kompyuta inangopitiriza kulira pansipansi.

Mkuluyo anatsokomola, kenaka anaseka.

"Mohira, ngati mukundimvabe kukutentha chonchi, ndiye kuti mnyamata uja wabweza zimene anawononga. Ankayesa sindikudziwa! Za mbuzizi ndimangotayitsa nthawi dala. Ndinkaopa kupereka mwana wanga kwa munthu waphuma. Koma amene wabwera kudzatsitsa yekha liwiro, ameneyo ndamulola. Shahlo, ngati ukumufunabe, mutenge."

Mayi Mohira anapukuta misozi ndi chikhatho, natembenuka.

"Kani unali iwe? Sabata yonse ndakhala ndikukupiza bokosili ndi mbale!"

"Ndinali ine, mayi. Pepani."

Shahlo anasendezera Behruz kapu ya tiyi uja, ulendo uno akumuyang'ana m'maso.

"Imwani, akatswiri," anatero. "Pang'onopang'ono. Akadali wotentha."