Amene Anagunda Bokosi la Makalata

"Mwayambiranso! Musandinamize ine, bambo a Kayla, mwayambiranso mowa!"

Anali Lorraine ameneyo, mpongozi wanga wa pakamwa ngati lumo, akukalipira mwamuna wake Wendell panja m'mawa kukuzizira. Nyali ya galimoto yawo inali itasweka, bokosi la makalata la a Kowalczyk oyandikana nawo lili gada m'chipale chofewa. Chonsecho Wendell, mwana wanga, anali atatha zaka zitatu osalawa ngakhale kadontho.

"Ine ndagona mpaka kucha, mayi a Kayla."

"Ndiye galimoto yadziyendetsa yokha? Ndinanena, mukadzangoyambiranso ine ndidzapakira. Ndikupita kwa achemwali."

Anapakiradi masutikesi awiri. Posakhalitsa mkulu wake Bernice anatulukira kudzamutenga, mano onse ali pamtunda, poti mlamu wakeyo sanamukondepo chiyambire.

"Nyani akalawa chimanga saiwala njira ya kumunda, alamu," anatero Bernice.

Apo n'kuti a Kowalczyk akubwera mwakachetechete, foni ili m'manja. Pakhomo pawo pali kamera yojambula aliyense wodutsa.

"Musanathetse banja, amayi, taonani kaye wondigwetsera bokosi."

Onse anaunjirira foniyo. Galimoto ikubwerera chammbuyo, kenako kutsogolo, phwaa! Chitseko n'kutseguka. Wotsikamo anali atavala diresi yogonera ya maluwa ndi majombo a Wendell. Anaima, n'kuliweramira bokosi lija ngati akulipatsa moni, basi n'kubwerera kukagona.

"Ameneyo si ine," anatero Lorraine, mawu atachepa.

"Ndiye diresiyo ndi yanga?" anafunsa Wendell.

Lorraine sankakumbuka kalikonse. Nkhani inali ya mapiritsi a tulo. Mayi ake atamwalira tulo tinamuthawa, adokotala n'kumulembera a milungu iwiri yokha. Atatha, Bernice anamupatsa botolo lake lotsala, ati abale sakanizana. Lorraine anakhala akumeza kwa miyezi iwiri, ndipo dzulo lake anatsitsira ndi vinyo.

Wendell sanakalipe. Anangoyang'ana kumapeto kwa msewu wawo, kumene kumadutsa njanji, n'kukhala pa sutikesi.

"Pakanapanda bokosili mukanakaima kuti?"

Lorraine analira ngati kamwana. Tsiku lomwelo Wendell anapita naye kwa adokotala, amene anamuuza kuti asamezenso ngakhale limodzi, kuti mankhwalawo ndi a masiku owerengeka, sayenderana ndi mowa, komanso sagawana ngati maswiti. Usiku woyamba tulo tinavuta, Wendell n'kukhala naye maso akumuwiritsira mkaka. Pano akugona, pang'ono pang'ono.

Koma Bernice! Atafunsidwa, akuti, "Ine ndimathandiza. Amene wameza ndi ndani?"

"Nkhuyu zodya mwana zikanapota wamkulu, alamu," anatero Wendell. "Munabwera kudzanyamula mkazi wanga pa mlandu wa botolo lanu."

Lorraine anapepesa mwamuna wake pamaso pa tonse, chinthu chimene sindinkaganiza kuti ndidzachiona ndili moyo. Kuyambira tsiku limenelo salankhula ndi Bernice. Bernice naye salankhula ndi a Kowalczyk, ati munthu wanji wojambula anzake ali m'zogonera. Ine ndi Bernice ndiye palibe chasintha, tinasiya kulonjerana pa ukwati wa Wendell womwe.